Ana apite ku Botanic ya ku Zomba, koma mkungudza musabwere nawo kuno ku nyanja

Funso: Ndine mphunzitsi pa pulayimale ina m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay kuno ku Mangochi, ndiponso ndine patironi wa kalabu ya zachilengedwe. Ndimafuna nditengere ana ku Botanic Garden ya ku Zomba temu ikubwerayi koma pa msonkhano makolo anandifunsa kuti ndalama ya minibasi yonseyo kukangoona mitengo, ngati kuno mitengo kulibe? Ndinasowa choyankha. Kodi kumeneko kuli chani chimene mwana sangachione kuseri kwa sukulu? Chinanso, kuseri kwa sukulu yathu kuli kaphiri kamene kanametedwa ndi ootcha makala, ndimaganiza tikapeze mbande za mkungudza wa ku Mulanje tidzalepo kuti nafenso tikhale ndi botaniki yathu. Zingatheke?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo kwambiri pofunsa, ndipo ndiyambe ndi makolowo, musawakwiyire chifukwa funso lawo ndi labwino ndithu. Mayi amene wagulitsa ndowa ya usipa kuti apeze ndalama ya thiransipoti akuyenera kudziwa chimene mwana wake akukatenga kumeneko. Ndipo ngati ulendowo ungakhale wongokwera minibasi, kukajambulitsa pa kapinga, kudya mpunga wa m'kontena nkubwerera, ndiye kuti makolowo akunena zoona, ndalama yapita pachabe. Ine ndikuti pitani, koma mupite mutakonzeka. Za mkungudza zija ayi, ndifotokoza bwinobwino chifukwa chake.

Mawa mukalowa m'kalasi yesani izi. Auzeni ana a sitandade 7 alembe mayina a mitengo khumi ya m'tchire la kwathu kuno, mango, bulugama, nimu ndi kesha osawerengera chifukwa imeneyo ndi yobwera. Ambiri akalemba mlambe, bwemba, mgwalangwa, mwina mkuyu, basi bolopeni yaima. Pomwe agogo awo amadziwa mitengo yambirimbiri, amadziwa woti mpini wake suthyoka, woti luzi lake limamanga denga zaka, woti sungaotchere nsomba chifukwa utsi wake umaononga kakomedwe, woti khungwa lake amamwetsa mwana akatsegula m'mimba. Nzeru imeneyo ikupita limodzi ndi mitengoyo, ndipo mwana amene sadziwa dzina la mtengo ukadulidwa samva kanthu mumtima, kwa iye yangokhala nkhuni basi. Apa ndi pamene botaniki imabwera. Chimene chimapangitsa munda wa mitengo kukhala botaniki ndi kaundula, zomera zimakhala ndi mayina olembedwa ndipo ku ofesi amasunga mbiri yake, chinachokera kuti, anachidzala liti, ndi cha banja liti. Malo a mitengo yokongola opanda kaundula ndi paki yopumulirako, zabwino ndithu, koma sungaphunzirepo zambiri.

Munda wa ku Zomba ndi wakale kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Unayamba mu 1891, anauyambitsa ndi Alexander Whyte, mzungu wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ya zomera pansi pa boma la Harry Johnston, nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, paja likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ndipo ana muwauze chilungamo, poyambapo cholinga sichinali kuteteza zomera zathu, atsamunda ankafuna malo oyeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja kuti aone yomwe ingawabweretsere ndalama. Nchifukwa chake mukamayenda m'mundamo muona mitengo ina italiitali yoti kwawo ndi maiko ena. Lero mundawu uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, likulu lake lili ku Zomba komweko ndipo lili ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Wa ku Zombawu uli m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi Hotel Masongola, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo.

Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna musachiphonye ndi Herbarium, nyumba yosungiramo zomera zoumitsidwa, ndiye polemba kalata yopempha ulendo mupemphenso kuti ana akaonetsedwe kumeneko. Ambiri amangopita ku munda nkubwerera osadziwa kuti gawo lalikulu la ntchito lili m'nyumba. M'menemo muli makabati odzaza ndi mapepala olimba, pa pepala lililonse anamatapo kanthambi kouma, masamba ake atatambasulidwa bwinobwino, duwa kapena chipatso chili pambali, ndipo pakona yapansi pali kalebulo kolemba dzina la chomeracho, dzina la amene anachitola, malo, tsiku ndi chaka. Amachita kuchipana pakati pa manyuzi ndi matabwa mpaka chiume gwaa kenako nkumata. Mwana akagwira pepala lolembedwa Mangochi kapena Namwera, la chaka chimene olo bambo ake anali asanabadwe, amazindikira kuti tchire la kwawo lija anthu ophunzira amalitenga ngati chuma. Ndipo ndi mapepala omwewo amene amatithandiza ife kudziwa kuti chomera chakuti kale chinkapezeka pa phiri lakuti, ndiye tikapita lero osachipeza timadziwa kuti china chake chalakwika. Malawi ali ndi mitundu ya zomera pafupifupi 6,000, palibe munthu angaisunge yonse m'mutu.

Tsono chifukwa chani munda wa paphiri, bwanji osangoona za konkuno? Chifukwa ana anu ndi a m'chigwa, anabadwira kotentha, ndipo phiri lidzawaonetsa ndi maso zinthu zimene mumavutika kuwafotokozera pa bolodi. Nyanja yathuyi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Tauni ya Zomba ili cha m'ma 900 kupita m'mwamba, ndipo nsonga ya phiri la Zomba, ya Malumbe, imaposa mamita 2,000. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye bwerekani themometa ku chipatala chaching'ono kapena ku sekondale yapafupi, ya kuyeza mpweya osati ya m'khwapa, mupatse mwana mmodzi aziwerenga ndipo wina azilemba, pa boma la Mangochi, pa Ulongwe, pa Liwonde powoloka Shire, pa Machinga msewu ukayamba kukwera, pa Domasi, mpaka ku Botanic. Ena aziyang'ana pa windo nkumalemba mitengo imene ikuoneka. Aona okha kuti milambe ndi migwalangwa yadzaza mpaka ku Liwonde, kenako ikuyamba kusowa, m'mapiri a Machinga mwayamba mombo ndi masuku, ndipo ikakhala nthawi ya dzinja aona amayi ndi ana atayala bowa m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Phunziro layamba kale apo musanatsike ndi minibasi yomwe. Kuchokera pa boma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ndiye nyamukani kusanache kuti mukhale ndi tsiku lokwanira.

Mukafika m'mbali mwa Mulunguzi aloleni ana akhale pansi kaye agwire madzi, amve kuzizira kwake, aone kuyera kwake ngakhale mu Okutobala pamene timitsinje tathu tambiri kuno tauma kale mchenga wokhawokha. Afunseni kuti madziwa akuchokera kuti poti mvula inasiya mu Epulo. Yankho lili pamwamba pa phiripo, nkhalango ndi udzu ndi masamba ovunda zimagwira madzi a mvula ndi a nkhungu nkumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo ndi mtsinje womwewo umene uli ndi damu pamwamba limene anthu a mu mzinda wa Zomba amamwa. Pa miyala ya mumthunzi aona ndere zobiriwira zofewa, ndi mafeni amene amangowaona pa chithunzi m'buku la sayansi. Auzeni atembenuze tsamba la feni mosalithothola, kunsi kwake aona timadontho tofiirira tandandalika m'mizere, atakhudza ndi chala pamatsala kafumbi. Chomera chimenecho chilibe duwa, chilibe mbewu, chimaberekana ndi kafumbi kameneko. Mwana amene wachiona yekha sadzaiwalanso olo pa mayeso.

Kayendetsedwe kake ndi kamene kamaononga maulendo ambiri a masukulu, ndimaona gulu la ana makumi asanu ndi limodzi likutsatira munthu mmodzi amene akulankhula kutsogolo, akumva ndi asanu okha, ena onse ali kumbuyo akugawana zigumu. Bola mutenge ana ochepa, amene alidi mu kalabu, muwagawe m'timagulu ta anayi kapena asanu, gulu lililonse ndi kope ndi pensulo. Gulu lililonse lisankhe mtengo umodzi wokha likhale nawo theka la ola, ajambule tsamba, akhudze khungwa alembe ngati ndi losalala kapena lokakala, anunkhize tsamba logwa pansi, ayese kukula kwa thunthu ndi chingwe, akopere dzina la pa chikwangwani, aone nyerere kapena mbalame zimene zikubwerapo. Mtengo umodzi wodziwika bwino umaposa mitengo zana yongodutsidwa. Osathyola chilichonse, osakumba, osatola mbewu popanda chilolezo cha eni ake, ndipo ana muwauze chifukwa chake, kuti chomera chimene akuchiona mwina ndi chimodzi mwa zochepa zimene zatsala. Imbani foni kapena lembani kalata masabata angapo ulendo usanafike kuti akukonzereni wokuyendetsani ndi kukuuzani za ndalama yolowera. Ana atenge majuzi, makamaka ikakhala Juni kapena Julaye, ana a ku nyanja amanjenjemera msanga. Ndalama ikalola kwerani mpaka ku Chawe, pamwamba pa phirilo, akaone chigwa chonse ndi nyanja ya Chilwa, ndipo akaonenso malo amene mitengo inadulidwa, zimenezonso ndi phunziro.

Tsopano za mkungudza, ndipo apa ndikhala pang'ono chifukwa nkhani yake ndi imene imaonetsa bwino ntchito ya minda yoterewu komanso pamene mphamvu zake zimathera. Mkungudza wa ku Mulanje dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei, dzina lachiwirilo ndi la Whyte yemwe uja anayambitsa munda wa ku Zomba. Mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje lokha padziko lonse lapansi, pamwamba kwambiri, cha m'mamita 1,800 kupita m'mwamba kumene kuli nkhungu ndi chisanu. Mu 1984 unalengezedwa kuti ndi mtengo wa fuko lathu. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichiligwira, silivunda msanga ngakhale m'madzi, nchifukwa chake linkafunidwa pa madenga, pa ziboliboli ndi mabokosi ogulitsa kwa alendo, komanso pokhoma maboti a panyanja yathu yomweyi, ndiye nafenso a ku Mangochi nkhaniyi ikutikhudza. Macheka osaloledwa, moto wa chaka ndi chaka, ndi tinsabwe tina toyamwa madzi a mtengo timene tinafika m'zaka za m'ma 1980, zonsezi zinaumaliza, moti pa kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo m'nkhalango zake zachilengedwe. Mtengo wa fuko, 7 basi. Chimene chinapulumutsa mtunduwu ndi chakuti kalekale anthu ena anaudzala kwina, kuphatikizapo pamwamba pa phiri la Zomba, ndiye mbewu zinapezeka, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a Forestry Research Institute of Malawi ndi midzi yozungulira phirilo anafesa mbande zambirimbiri nkukazidzalanso pamwamba. Koma mbande zambiri moto umaziphabe, ndipo kuti mkungudza ufike msinkhu wa ija inadulidwa pamafunika zaka zoposa moyo wa munthu.

Ndiye ine ndimawauza anthu kuti botaniki ili ngati nkhokwe yosungira mbewu, chaka cha njala imakupulumutsa kuti usataye mtundu, koma chakudya chimachokera kumunda. Munda wake ndi phiri lenilenilo. Mitengo makumi awiri yosungidwa mu mpanda singalowe m'malo mwa nkhalango yokhala ndi njuchi zake, mileme yake yomwaza mbewu, bowa wake, akasupe ake. Kunonso tinaziona mwa njira ina, mu 2009 njovu 83 za ku Phirilongwe zinasamutsidwa kupita ku Majete chifukwa malo awo anali atachepa ndipo zinkalimbana ndi anthu. Njovuzo zinapulumuka, koma Phirilongwe inatsala yopanda njovu. Kusamutsa chamoyo ndi njira yomaliza pamene zina zonse zakanika.

Nchifukwa chake ndikukanizani kubweretsa mkungudza pa kaphiri kanu. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno, pa miyala yoti sungapondepo opanda nsapato, mbande ya kumalo a nkhungu siingapirire, muthirira mpaka manja kutopa ndipo ifabe, ana adzaona kuti kudzala mitengo nkutaya nthawi, makolo aja adzati tinanena. Komanso mbande iliyonse ya mkungudza ikufunika kwawo kumene ingakhale ndi moyo. Inu muli ndi chuma chanu chimene a ku Zomba alibe, ndipo botaniki yanu ikhala ya mitengo ya m'chigwa ndi m'mapiri a m'mbali mwa nyanja.

Choyamba kuchita pa kaphiriko si kugula machubu ayi. Kwerani ndi ana mukayang'ane pansi. Ootcha makala amadula thunthu koma chitsa ndi mizu zimatsala, ndipo mitengo yambiri ya kwathu kuno imaphukiranso pa chitsa. Muona timphukira tisanu, khumi, pa chitsa chimodzi, mbuzi zazibudula, moto waziwaula, koma zilipo. Sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo dulani ndi chikwakwa chakuthwa modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike, ndipo chakudya chonse cha mizu yakale ija chipita ku zotsalazo. Mphukira yotere imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa mizu yake inafika kale pansi pamene pali chinyezi, ndipo simufunika kuthirira olo kamodzi. Adani ake ndi awiri, moto ndi mbuzi. Moto muuthane nawo polambula mozungulira malo onse udzu ukangoyamba kuuma, cha mu Meyi kapena Juni, ndi kumweta udzu wautali wa pafupi ndi zitsa, amayi adzasangalala kuutenga wofolerera. Mbuzi ndiye nkhani ya amfumu, inu nokha simungaithe. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mfumu ya mudzi kupatula malo kukhala nkhalango ya mudzi yokhala ndi komiti yake ndi malamulo ake, ndiye pitani kaye kwa amfumu mwaulemu, mudziwe kuti kaphiriko ndi ka ndani, kenako muitane alangizi a zankhalango a dera lanu akuthandizeni kulemba. Ashehe ndi abusa muwauzenso, mawu amodzi olankhulidwa ku mzikiti Lachisanu kapena ku tchalitchi amafika kutali kuposa chikwangwani.

Pamene pali mipata yopanda zitsa ndi pomwe mudzale, ndipo mbewu tolani konkuno, pa mitengo ingapo yosiyana osati pa umodzi wokha. Apa ana amasangalala kwambiri chifukwa mbewu iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ya mlambe ndi yolimba, muthire madzi owira amene mwaphula pamoto nkuisiya usiku wonse, kapena muikwechese pang'ono pa mwala. Ya msangu chimodzimodzi, ingocheka pang'ono khungu lake, ndipo msangu ndi mtengo woti muwaonetse makolo chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina yonse ikuphuka, ndiye chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa. Bwemba savuta, kungonyika m'madzi. Msambamfumu ndiye ana amaukonda, chikhokhombe chake ndi cholimba chakuda, chikang'ambika mkati muli mbewu zakuda bii zonyezimira zitandandalika iliyonse m'kachipinda kake, kumutu kuli kachipewa kofiira, chotsani kofiirako musanafese. Mbawa mbewu yake ndi yopyapyala ndipo sichedwa kufa, ifesedwe ikadali yatsopano, ndipo mtengowo udzalidwe kumunsi kumene kuli chinyezi osati pamwamba pa miyala. Mlombwa muusamale mtima, kambande kake kamauma kumtunda chilimwe chilichonse kwa zaka zingapo pamene muzu ukukula pansi, anthu ambiri amazula poganiza kuti wafa. Phingo amakula pang'onopang'ono kwambiri, koma auzeni ana kuti mtengo wakuda umene osema ziboliboli amaufuna uja ndi womwewo umene kunja amapangira zitoliro zodula za m'mabandi. Mukafuna kufesa mombo kapena masuku tapani dothi pang'ono pansi pa mtengo waukulu wa mtundu womwewo musakanize m'machubu, chifukwa mizu yake imakhalira limodzi ndi bowa wa m'nthaka, ndi bowa yemwe uja munamuona m'mabeseni ku Machinga, ndipo nkhalango ya mombo ikatha bowayo amathanso.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kuno kotentha musadikire za Malichi, dzalani nthaka ikangonyowa bwino, pofika kumapeto kwa Januwale mukhale mutamaliza. Ndipo musatengeke ndi manambala akuluakulu. Mitengo makumi asanu yoti mwana aliyense ali ndi wake, wautchingira ndi minga, akuudziwa dzina, ndi yabwino kuposa mbande chikwi zodzalidwa tsiku la mwambo nkuiwalika. Chiwerengero chofunika ndi cha mu Novembala wotsatira, yatsala yamoyo ingati.

Zikwangwani ndi zimene zidzapangitse malowo kukhala botaniki yeniyeni. Dulani timalata takale kapena zigubu zosweka, lembani ndi penti nambala ndi mayina atatu, la Chichewa, la Chiyao, ndi la sayansi. Mlambe, mlonje, Adansonia digitata. Mangani ndi waya womasuka kapena muzike pa kamtengo pambali, osakhoma msomali pa thunthu. Mayina awiri oyambawo musawafune m'buku, itanani eni ake, agogo osema mabwato, amayi owamba nsomba, oluka mikeka ndi madengu a mlaza, azamba akale, asing'anga odziwa mizu. Ayende ndi ana pa phiripo, iwo azitchula ana azilemba, ntchito yake, nthawi imene umachita maluwa, nyama imene imadya zipatso zake. Tsiku limenelo kholo lija linafunsa za minibasi lidzakhala mphunzitsi, ndipo lidzaona lokha kuti zimene limadziwa ndi za mtengo wapatali. Dzina la sayansi likakuvutani panani kanthambi kokhala ndi duwa kapena chipatso m'manyuzi monga anaonera ku Zomba, lembani malo ndi tsiku, mutumize kapena mupite nako ku Herbarium, imeneyo ndi imodzi mwa ntchito zawo. Makolo amene ali ndi abale ku Joni angafunsenso za Kirstenbosch, munda wa m'tsinde mwa Table Mountain ku Cape Town umene unayamba mu 1913, umadziwika chifukwa anasankha kusunga zomera za dziko lawo lomwelo.

Pali chinanso chimene ndikupemphani, m'kalasi mwanumo muli ana amene yunifolomu yawo inagulidwa ndi ndalama ya makala, ena makolo awo amawamba nsomba ndi nkhuni za m'phiri lomwelo. Musawachititse manyazi, musamanene kuti ootcha makala ndi anthu oipa, mwanayo adzangotseka makutu. Aonetseni mmene zinthu zimalumikizirana, iwo aganize okha. Dulani mabotolo awiri apulasitiki m'litali, lina muike dothi lopanda kanthu, lina dothi lokhala ndi udzu ndi masamba, muwapendeketse mofanana, thirani kapu ya madzi pa lililonse nkutchera matambula kukamwa kwake. Tambula imodzi idzadza msanga ndi madzi ofiira, inayo idzalandira madzi ochepa oyera ndipo adzadontha kwa nthawi yaitali. Kenako afunseni kuti madzi ofiirawo pa kaphiri kathu amathera kuti. Amathera m'nyanja, matope amakwirira ndere za pa miyala zimene nsomba za mbuna zimadya, amadetsa madzi ndi kukwirira malo a pansi pamene chambo chimakonza zisa zake. Kwa mwana wa msodzi mfundo imeneyi ndi yomveka kuposa ina iliyonse, ndipo ndi imene ndingakulangizeni kukawauza makolo pa msonkhano wotsatira.

Ndalama ya ku Zomba ikakanika chaka chino musakhale pansi. Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ili pakhomo panu pomwepo, ku Cape Maclear kuli malo ophunzitsira za chilengedwe ndipo mapiri ake akadali ndi mitengo imene kaphiri kanu kanali nayo, ndiye ana akhoza kuona mmene malo awo adzaonekere akasamalidwa. Kutsidya kwa Shire kuli Mangochi Forest Reserve imene kuyambira mu 2018 ikuyang'aniridwa ndi African Parks pamodzi ndi Liwonde, pamwamba pa phiri la Mangochi pali nkhalango yobiriwira chaka chonse, koma kumeneko musalowe nokha ndi ana, kuli nyama zoopsa, pemphani kudzera ku ofesi yawo. Kalabu yanu ngati sinalembetse ku Wildlife and Environmental Society of Malawi ilembetseni, zimathandiza popempha maulendo oterewa.

Kaundula uja muyambe sabata ino ndi mitengo imene ili kale pa bwalo la sukulu, kope lachikuto cholimba, tsamba limodzi mtengo umodzi, nambala, mayina, kumene mbewu inachokera, tsiku lodzala, dzina la mwana wousamalira, ndipo temu iliyonse aziyeza kutalika nkulemba. Mwana akamaliza sitandade 8 asiyire mtengo wake mwana wa sitandade 5 pamaso pa anzake. Makope akhale awiri ofanana, lina kwa inu lina ku ofesi ya ahedi kapena kwa a komiti ya sukulu, chifukwa aphunzitsi mumasamutsidwa ndipo amene adzabwere pambuyo panu adzafunika kudziwa kuti nambala 14 ndi mlombwa wamoyo, asadzauzule chilimwe.